PHUNZIRO: ZA POIZONI WOSAOLA

Akhristu okondedwa a ku Makanjira ndi m'mbali monse mwa nyanja, Mulungu adatipatsa nthaka ndi madzi kuti tidyemo ndi kuzisungira ana athu. Lero tiphunzire za mdani wina wosaoneka ndi maso, amene amaononga mphatso zimenezi.

1. Kodi poizoni ameneyu ndi wotani?

Alipo mankhwala ena ophera tizilombo, monga DDT, aldrin ndi dieldrin, amene akathiridwa pansi saola, koma amakhala m'nthaka zaka zambiri. Poyamba DDT adatamandidwa kwambiri, kotero kuti Paul Müller, amene adatulukira mphamvu yake, adalandira mphoto ya Nobel mu 1948. Kwathu kuno ankapopera mankhwala otere pa thonje ndi pophera chiswe.

2. Amafika bwanji m'thupi mwa munthu?

Mvula imawakokolola kuchokera m'minda kunka nawo ku nyanja. Kumeneko amalowa m'tizilombo ta m'madzi. Usipa umadya tizilomboto, ncheni imadya usipa, ndipo munthu amadya ncheni. Pakuti poizoniyu amakanirira m'mafuta a thupi, amanka nachuluka mwa aliyense wodya mnzake, mpaka kufika mumkaka umene mayi amayamwitsa khanda. Ku America, mbalame zodya nsomba, zofanana ndi nkhwazi yathu, zidayamba kuikira mazira a chigoba chopyapyala, ophwanyika mwana asanakhwime.

3. Maiko adachitapo chiyani?

Pa 22 May 2001 maiko adapangana mumzinda wa Stockholm kuti athetse poizoni wa mitundu 12, ndipo panganolo lidayamba kugwira ntchito mu 2004. Dziko la Malawi lidalivomereza kotheratu mu 2009. DDT adaloledwabe pa ntchito yopha tizilombo tofalitsa matenda, monga udzudzu wa malungo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya boma, osati ya mlimi. M'gulu lomwelo muli mafuta a PCB a m'matiransifoma akale a magetsi, ndiponso dioxin, amene amatuluka mu utsi potentha zinyalala za pulasitiki. Kuno kwathu bungwe la Pesticides Control Board ndilo limaloleza mankhwala oyenera kugulitsidwa.

4. Nanga Mkhristu achite chiyani?

Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingathe kulonda msika uliwonse. Tsono ntchito yotsalayo ndi yathu. Musagule mankhwala opungulidwa m'botolo lopanda dzina. Musasunge madzi, mchere kapena mafuta ophikira m'chigubu chimene mudali mankhwala. Musatsuke mpope wopopera mbewu m'nyanja kapena mumtsinje. Musathire mankhwala a m'munda pa nsomba zouma pofuna kuthamangitsa ntchentche. Musakoleze moto ndi majumbo. Wochita izi modziwa, naika moyo wa mnzake pangozi chifukwa cha phindu, walakwira lamulo lachisanu la Mulungu. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, adatikumbutsa kuti dziko likaonongeka, oyamba kuvutika ndi amphawi.

Inu akatekisti, fotokozani phunziroli m'miphakati yonse, ndipo muuzekonso abale athu Achisilamu, pakuti tonse timamwa nyanja imodzi.

Mafunso: Chifukwa chiyani ncheni ingakhale ndi poizoni wambiri kuposa usipa? Kodi m'nyumba mwanu muli chigubu chimene chiyenera kuchoka kukhitchini lero lomwe?