Kusoka ma spats kunyumba: yambirani pa nsapato yanu

Mukaona zithunzi za ku London kapena ku New York za m'ma 1910 ndi 1920, yang'anani kumapazi a azibambo otchena. Pakati pa thalauza ndi nsapato pamaoneka kansalu koyera kapena kotuwa, kophimba akakolo ndi pamwamba pa phazi, komangidwa ndi mabatani m'mbali. Amenewo ndi ma spats. Dzinali ndi chidule cha spatterdashes, zovala zazitali zimene zinkateteza miyendo ku matope. M'misewu ya ngolo za akavalo, ma spats ankatchinjiriza nsapato ndi sokosi ku matope ndi ndowe, koma anadzasanduka chizindikiro cha munthu wodzilemekeza pa kavalidwe. Pofika m'ma 1930 anthu anali atayamba kuwasiya. Lero timawaona kwa asilikali oimba zitoliro a ku Scotland, amene amavala oyera, ndi m'makanema ngati Some Like It Hot ya mu 1959, mmene George Raft anasewera chigawenga chotchedwa Spats Colombo.

Ndimawakonda chifukwa ndi kanthu kakang'ono koma kophunzitsa zambiri: kudula pateni, kusoka msoko wokhota, kuika layining'i ndi kuboola mabowo a mabatani. Chinsinsi chake n'chimodzi. Ma spats amasokedwera nsapato imene mudzavale nawo, choncho pateni yabwino imachokera pa nsapatoyo.

Zofunika kukhala nazo

Pezani theka la mita ya nsalu yolimba yosatamuka. Akale ankagwiritsa ntchito nsalu yochindikala ya ubweya wa nkhosa m'nyengo yozizira, ndi yopepuka yoyera m'nyengo yotentha. Jekete yakale ya pa kaunjika, yotuwa kapena yakhaki, ili ndi nsalu yokwanira mapazi onse awiri. Mufunikanso nsalu yopyapyala ya layining'i, nsalu yolimbitsa imene matelala amaika m'kolala ya malaya, mabatani ang'onoang'ono 8 kapena 10, lasitiki yakuda yotambalala masentimita awiri, ulusi, singano, mapini, sizasi, choko ndi simbi. Za pateni, konzani jumbo, selotepi yapepala, cholembera ndi pepala lolimba. Makina osokera amafulumiza ntchito, koma misoko yake ndi yaifupi moti manja okha akhoza kuimaliza.

1. Tengani pateni pa phazi

Valani sokosi ndi nsapato ya kumanja. Kulungani jumbo kuyambira pakati pa phazi mpaka kupitirira akakolo, kenako matani selotepi pamwamba pake mpaka jumbo yonse itabisika. Musakoke kwambiri, ndipo imirirani pomata kuti phazi likhale mmene limakhalira poyenda.

Tsopano jambulani mizere isanu. Woyamba utsike pakati penipeni kutsogolo, motsata zingwe za nsapato. Wachiwiri utsike pakati kumbuyo mpaka pachidendene. Wachitatu utsike mbali yakunja ya mwendo, pafupi ndi fupa la kakolo. Apa ndi podzakhala mabatani. Wachinayi uzungulire pamwamba, zala zitatu kupitirira kakolo. Womaliza uzungulire m'munsi: uphimbe zingwe zonse kutsogolo, utsetserekere m'mbali mpaka pafupi ndi pansi pa nsapato, koma usakhudze dothi. Ngati pali wina pakhomo, m'pempheni akujambulireni, chifukwa mukawerama mizere ya kumbuyo imapotoka.

Dulani mosamala motsata mzere wa m'mbali kuti muvule chikombolecho, kenako dulani mizere inayo. Mutsala ndi zidutswa zitatu: chachikulu cha mbali yamkati, ndi ziwiri zakunja, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Lembani dzina pa chilichonse.

2. Samutsirani papepala

Yalani zidutswazo papepala n'kuzilemberera. Pamene selotepi ikukana kugona, idulani pang'ono m'mphepete kuti iphwatalale. Onjezani sentimita imodzi kuzungulira konse, ya msoko. Pamzere wa mabatani, chidutswa chakumbuyo chiwonjezereni masentimita ena atatu, ndipo chakutsogolo umodzi ndi theka, kuti zidzathe kusanjikizana.

3. Yesani pansalu yotha ntchito

Apa ambiri amafuna kudumpha, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Dulani zidutswa zitatuzo pachitenje chakale, zilumikizeni ndi misoko yotalikirana, valani pa nsapato n'kutseka m'mbali ndi mapini. Yendani, khalani pampando, imirirani. Yang'anitsitsani msoko wakutsogolo, pamene mwendo umakumana ndi phazi. Nsalu ikamakwinyika pamenepo, khotetsani msokowo mozamirapo. Ikamayasama m'munsi, chepetsani pang'ono chakumapeto kwa msoko womwewo. Kumbuyo, msoko uzilowa mkati pang'ono pamwamba pa chidendene kuti ugwire mwendo. Chilichonse chimene mwasintha chilembeni papepala musanaiwale.

4. Dulani nsalu yeniyeni

Pindani nsalu pawiri, nkhope zake zitayang'anizana, ikani pateni pamwamba ndipo dulani zonse nthawi imodzi. Mukatero mupeza zidutswa za kumanja ndi za kumanzere popanda kusokoneza. Wodula nsalu yosapinda n'kuiwala kutembenuza pateni amapezeka wasokera phazi limodzi kawiri. Ulusi wa nsaluyo uziyenda choimirira, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Dulani layining'i chimodzimodzi. Nsalu yolimbitsa ija iikeni kuseri kwa nsalu yakunja, makamaka podzakhala mabatani ndi mabowo.

5. Lumikizani

Sokani msoko wakutsogolo, wolumikiza chidutswa chamkati ndi chakunja chakutsogolo, kenako wakumbuyo. M'malo okhota, dulani timipata pa nsalu yotsala kuseri kwa msoko, osafika pa ulusi, kuti nsalu isakokane. Tambasulani msoko uliwonse n'kuusita. Thaulo lokulunga molimba likaikidwa pansi pake limathandiza kusita pokhota. Chitani zomwezo ndi layining'i.

Gonekani nsalu yakunja pa layining'i, nkhope zitayang'anizana ndi misoko italunjikana. Sokani kuzungulira konse, n'kusiya mpata wa masentimita asanu m'munsi. Dulirani ngodya, tembenuzani kudzera pampatawo, tulutsani ngodya ndi kamtengo kosasongoka, ndipo sitani bwinobwino. Malizani ndi msoko wowongoka pamwamba, mamilimita atatu kuchokera m'mphepete. Msoko umenewu umatseka mpata uja ndi kuumitsa m'mphepete kuti musamapindike.

6. Mabatani ndi lamba wapansi

Mabatani amakhala mbali yakunja ya mwendo, ndipo chidutswa chakutsogolo ndi chimene chimasanjika pa chakumbuyo. Choncho mabowo apite pa chakutsogolo, anayi kapena asanu, otalikirana mofanana. Yambani mwayeserera bowo limodzi pakansalu kotsala. Posoka pamanja, dulani kampata kotalika pang'ono kuposa batani, n'kuluka m'mbali mwake ndi ulusi wolimba mothithikana.

Musasokerere mabatani musanavale. Valani pa nsapato, kokani mpaka nsalu itakhala bwino, lowetsani choko m'bowo lililonse kuti chisiye chizindikiro pansalu yapansi, ndipo pamenepo ndiye posokerera batani. Siyani kakhosi ka ulusi pansi pa batani kuti nsalu yochindikalayo ipeze malo.

Chomaliza ndi lamba wodutsa pansi pa nsapato, kutsogolo kwa chidendene chake, pamene sipagunda dothi. Akale ankaika wachikopa wokhala ndi kachitsulo komangira. Woyamba kumene agwiritse ntchito lasitiki. Isokerereni mkati mbali imodzi, idutsitseni pansi, ikokeni pang'ono, ibayeni ndi pini mbali inayo, ndipo muyende kaye musanaisokerere.

Kuvala ndi kusamala

Thalauza lizifika pamwamba pa ma spats n'kubisa batani loyamba. Oyera achapeni pamanja n'kuwayanika chogoneka. Aubweya adikireni matope aume, kenako apukuteni ndi burashi. Pateni yapepala ija isungeni mu envulopu, mutalembapo nsapato imene munaitengera. Tsiku limene mudzafune ena a mtundu wina, ntchito yovuta idzakhala itachitika kale, ndipo mudzayambira pa sizasi.