Mpingo wa Mormon ndi Achinyamata Okonda Amuna kapena Akazi Anzawo: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka takakonza chifukwa cha mafunso amene akhala akutifika kuchokera kwa makolo ndi atsibweni amene anamva za ku Utah, m'dziko la America. Ndipo ngakhale afunsa mosiyanasiyana, tapeza kuti onse avutika ndi mantha amodzi, akuti kholo lokhulupirika liyenera kusankha pakati pa mpingo wake ndi mwana wake.

1. Kodi a Mormon ndi ayani?

Ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene Joseph Smith anauyambitsa ku New York mu 1830. Likulu lake lili ku Salt Lake City, ku Utah. Anyamata ovala malaya oyera ndi timabaji takuda pamtima, amene mumakumana nawo m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, ndiwo amishonale ake.

2. Umaphunzitsa chiyani pa nkhani imeneyi?

M'chikalata cha banja chimene Gordon B. Hinckley, mtsogoleri wa mpingo panthawiyo, anawerenga mu 1995, mpingo unanenetsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Lero umaphunzitsanso kuti kukhala ndi chilakolako cha mwamuna kapena mkazi mnzako si tchimo, koma kuchita zimene chilakolakocho chifuna ndiko tchimo. Katunduyu amalemera koposa kwa mwana wa Mormon, pakuti iye amakula akumva kuti ulemerero wapamwamba wa kumwamba ndi wa iwo amene anamangitsa ukwati wosatha m'kachisi. Chotero mnyamata wa zaka 14 akazindikira za mumtima mwake, amayamba kuopa kuti m'moyo ulinkudza adzalekanitsidwa ndi mayi ake, bambo ake ndi abale ake onse.

3. Kodi n'zoona kuti ana ena anakanizidwa ubatizo?

Inde, n'zoona. Mu November 2015 atsogoleri anaika lamulo lakuti aliyense wolowa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ayesedwe wampatuko, ndi kuti ana a m'nyumba zotero asadalitsidwe ali makanda, ndiponso asabatizidwe pa zaka 8 monga anzawo, kufikira atakwanitsa zaka 18 ndi kukana mchitidwe wa makolo awo. Ambiri anaguguda pachifuwa, ndipo mazanamazana analemba makalata otuluka mumpingo. Pa 4 April 2019 Dallin H. Oaks, mmodzi wa atsogoleri akuluakulu a mpingo, analengeza kuti lamulolo lachotsedwa, Russell M. Nelson ali mtsogoleri. Chiphunzitso cha ukwati sichinasinthe. Ife tiona kuti kuchotsako kunali kwabwino, koma kunachedwa, popeza ana amene anaonerera anzawo akutsikira m'madzi atavala zoyera, iwo ali pabenchi, palibe anawabwezera tsiku lawo.

4. Tamva kuti achinyamata ambiri amadzipha ku Utah. Kodi mpingo ndiwo ukuwapha?

Pano tiyenera kuponda mosamala, chifukwa nkhani ya maliro sathamanga nayo. N'zoona kuti kwa zaka zingapo kudzipha ndiko kunkapha ana ambiri a zaka 10 mpaka 17 ku Utah kuposa matenda kapena ngozi. Koma akatswiri sagwirizana pa gwero lake: ena aloza kuchuluka kwa mfuti m'nyumba, ena kukwera kwa dziko lamapirilo, ena kuperewera kwa asing'anga a maganizo, ndipo kawirikawiri zikalata za imfa sizinena kuti wakufayo ankakonda yani. Chotero sitinganene kuti chiphunzitso chokha ndicho chinapha uje ndi uje.

Chodziwika bwino ndi cha kunyumba. Caitlin Ryan ndi anzake a Family Acceptance Project, pa San Francisco State University, anafalitsa mu 2009 zimene anapeza, kuti achinyamata otere amene makolo awo anawakana kwambiri ankayesa kudzipha koposa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi amene sanakanidwe kwenikweni. Kukana kumene akunena si kupirikitsa kokha ayi. Kulinso kumletsa mwana kutchula nkhaniyo, kumchitira manyazi alendo akabwera, ndi kumuuza kuti Mulungu adzamlanga.

5. Nanga oyimba otchuka alowamo bwanji, ndipo athandizadi?

Dan Reynolds wa gulu la Imagine Dragons anakulira mumpingowu ku Las Vegas, natumikira umishonale ku Nebraska, ndipo iye mwini si mmodzi wa okonda amuna anzawo. Mu August 2017 anayambitsa chikondwerero cha nyimbo cha LoveLoud ku Orem, pamodzi ndi Tyler Glenn wa Neon Trees, amene anaulula mu 2014 kuti amakonda amuna anzake, ndipo mpingo womwe unatulutsa mawu oyamikira cholinga cha msonkhanowo. Chaka chotsatira unachitikira m'bwalo la Rice-Eccles ku Salt Lake City, kumene Tim Cook wa kampani ya Apple analankhula, ndipo filimu ya Believer inafotokoza za mmene chikondwererochi chinayambira. David Archuleta, amene anatchuka pa American Idol mu 2008 nakatumikira ku Chile, anaulula mu 2021 kuti amakonda amuna anzake, pambuyo pake anachoka mumpingo.

Ndalama za LoveLoud zinathandiza mabungwe monga The Trevor Project ndi Encircle, bungwe limene linatsekula nyumba mu 2017 ku Provo, pafupi ndi kachisi, kumene mwana atha kulowa akaweruka kusukulu, kukhala m'khitchini ndi anzake, ndi kuonana ndi mlangizi. Zimenezi tiziyamika. Komabe mlendo ndi mame. Woyimba amazimitsa nyali zake nakwera ndege, pamene mwana uja amabwerera kunyumba kumene adzadya mgonero maso ali pansi, ngati a m'nyumbamo sanasinthe mtima.

6. Kodi palibe mankhwala omusinthira mwana?

Mabungwe akuluakulu a madokotala ku America anena kuti njira zotere sizigwira ntchito ndipo zingathe kuvulaza. M'zaka za m'ma 1970 ena okonda amuna anzawo anayesedwa kuwasintha ndi magetsi pa Brigham Young University, sukulu ya mpingo. Utah inaletsa alangizi ovomerezeka kuyesa kusintha ana mu January 2020, ndipo mpingo sunatsutse lamulolo m'mene linamalizidwira. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

7. Ndikamulandira mwana wanga, kodi sindidzachotsedwa mumpingo?

Sitidziwa lamulo lililonse lolamula kholo kutaya mwana wake. Mpingo womwe umalangiza mabanja kuti asapirikitse ana otere. D. Todd Christofferson, amene anali mmodzi wa atumwi khumi ndi awiri a mpingowu kufikira 2025, ali ndi mbale wake Tom amene anakhala zaka zambiri ndi mwamuna mnzake, ndipo makolo awo, okhulupirika kufikira imfa, ankawalandira onse awiri pa misonkhano ya banja. Chibale n'chipsera, sichipola. Sitingakulonjezeni kuti simudzamva manong'onong'o, kapena kuti bishopu aliyense adzakuyankhani mofanana, pakuti mabishopu a Mormon ndi anthu wamba osalipidwa, ndipo mitima yawo imasiyana.

8. Koma kumulandira si kuvomereza tchimo?

Funso ili ndi la mantha aja tinatchula poyamba, ndipo limatifika kuposa onse. Zimene Caitlin Ryan anapeza zisonyeza kuti ngakhale kholo losasintha chikhulupiriro chake, likangochepetsa mawu ndi machitidwe okana, ngozi ya mwana imatsika. Simufunikira kumaliza mtsutso wa chiphunzitso musanamgawire nsima.

9. Mwana wandiululira usiku uno. Ndichite chiyani?

Khalani pansi, mumve kufikira atatha, ndipo musathamange kukauza achibale kapena bishopu iye asanalole. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti mphasa yake ili pomwepo. Akatchula za imfa, mfunseni mosabisa, chotsani mfuti ndi mankhwala m'nyumba, ndipo musamsiye yekha. Ku America imbani 988, kwina kulikonse pitani naye kuchipatala. Zina zonse, makolo anzathu, mudzazikamba kukacha.