Malangizo kwa Oyamba Jimu M'mwezi wa Januwale

Chaka chilichonse, zikondwerero za Khirisimasi zikangotha, pamene m'thumba mwapepuka koma m'chiuno mwalemera, nyumba zolimbitsiramo thupi za mu Blantyre, kuyambira za m'mahotela a m'tauni kufikira timajimu takuseri kwa nyumba kuno ku Chitawira, kumene zonyamula zina ndi simenti youmbira m'zitini za penti, zimadzaza ndi anthu amene alumbira kuti chaka chino mimba iphwa. Mbandakucha mumawaona atandanda mumsewu wa Kenyatta, ena akuzungulira pa Njamba, ena akulunjika ku Kamuzu Stadium; koma pofika pakati pa Febuluwale khamu lija limakhala litamwazika, ndipo pabenchi pamene anthu ankalimbirana pamatsala eni ake akale okhaokha. Ine amene ndapenyerera zimenezi chaka ndi chaka ndikuti chimene chimagwetsa ambiri ndi changu chopanda nzeru cha masabata awiri oyamba, ndipo mawu awa ndikulembera iye amene afuna kuti chisanu cha Juni chidzam'peze akadali panjira.

Choyamba, zokonzekera sizichuluka: nsapato zokukwanani, ngakhale zapakaunjika wa ku Limbe, zimene mwina zingakudyereni K20,000 kapena K30,000, botolo la madzi, ndi kathawulo. Chimodzi chokha musachilumphe, ndicho kuyezetsa kuthamanga kwa magazi, pakuti kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Chipatala cha Zingwangwa chili pafupi. Ngati mwapyola zaka 40, kapena muli ndi matenda a shuga, yambirani kumeneko.

Chachiwiri, sankhani malo amene mungafikeko wapansi, popeza jimu yofuna minibasi ziwiri m'nyengo ino yamvula ndi ya fizi simudzaipirira; ndipo musalipiriretu miyezi itatu kapena chaka, ngakhale akunyengerereni ndi mtengo wotsika. Mongoyerekeza, timajimu tam'makomboni tingafune K15,000 kapena K25,000 pamwezi, pamene am'mahotela angapyole apo katatu kapena kanayi, ndipo mitengo imeneyi siikhalitsa. Lipirani mwezi umodzi. Kuyambira 5 koloko madzulo anthu akaweruka ndiye pamakhala piringupiringu. Amene angathe abwere m'mamawa. Mukapeza chitsulo chili ndi mwini wake, musaime duu kumbali kufikira thupi litazizira, koma funsani mwaulemu kuti, "Achimwene, tingamasinthane?" pakuti mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mukatha, pukutani thukuta lanu, bwezani zitsulo pamalo pake, ndipo musasandutse benchi mpando wowerengerapo WhatsApp anzanu akudikira.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndi muyeso wa katundu amene munyamule pa masabata awiri oyamba. Mlendo akalowa, maso ake amagwera pa adzitho amene akhala akunyamula zaka zisanu, ndipo chifukwa cha manyazi oti asaoneke wofooka pamaso pa anthu, amasanjikiza zolemetsa pampiringidzo kufikira mitsempha ya m'khosi itatupa, msana utapindika, mapazi akupalasa pansi, wina atamuimirira kumutu akukuwa kuti, "Imodzinso, akulu, imodzinso!" Tsiku limenelo amapita kwawo mokondwa, akudziyesa ngwazi. M'mawa mwake thupi limayamba kuphwanya. Mkuja sangathe kukweza mkono kuti apese tsitsi, ngakhale kukwera minibasi osabuula. Ndipo akagona masiku anayi kudikira kuti achire, sabwereranso, ndalama yake n'kukhala chopereka chaufulu kwa mwini jimu.

Lamulo lake nali, ndipo mulisunge mumtima: nyamulani chimene mungathe kuchinyamula ka 12 thupi lili chilili, osapotoza msana, osagwedeza chiuno, ndipo pomaliza mukhale mukumva kuti mukadatha kuwonjezera katatu. Katatu kameneko musakachite. Pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, bwerezani kachiwiri, basi mwatha. Ngati chimene mungathe motero ndi mpiringidzo wokhawokha wopanda kanthu, nyamulani mpiringidzo wokhawokhawo, ndipo amene akuseka aseke. Masewera anayi kapena asanu akwanira: kunyonyomala ndi kudzuka, kukankha chitsulo kuchifuwa, kukokera chitsulo kwa inu, kukweza katundu pamwamba pa mutu, ndi kulimbitsa pamimba, zonsezi, pamodzi ndi mphindi 10 zotenthetsa thupi poyamba, zisapyole mphindi 45, katatu pa sabata, ndipo pakati pake pazikhala tsiku lopuma.

Ndibwerezanso, chifukwa ndikudziwa kuti pa tsiku lachitatu mudzayesedwa: tulukani m'jimu mphamvu zikadalipo. Minofu imazolowera katundu msanga, koma mitsempha imene imalumikiza minofu ndi mafupa, m'mawondo, m'zigongono ndi m'mapewa, imalimba mochedwa. Chotero munthu angamve mphamvu m'mikono pamene mfundo zake sizinakonzeke, ndipo phewa likavulala pa sabata yoyamba lingam'vutitse miyezi. Komanso thupi limamangika pa nthawi imene mwapuma ndi kugona, osati pamene chitsulo chili m'manja. Kotero wobwera tsiku ndi tsiku osapumira akungogumula chimene sichinamangidwe. Sabata ikatha osavutika, wonjezerani pang'ono, kilogalamu imodzi kapena ziwiri, kapena kunyamula kawiri kowonjezera, koma osati zonse pakamodzi. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Ndipo pokankha katundu tulutsani mpweya, musaugwire m'chifuwa kufikira maso atafiira, pakuti kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi.

Dziwaninso kusiyanitsa zowawa. Kuphwanya kwa minofu kumene kumayamba m'mawa mwake, n'kukula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kuzilala sabata isanathe, n'kwachibadwa, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda ndi kubwerera kukachita zopepuka. Kugona chogonera kumangotalikitsa ulendo wobwerera. Koma kubaya m'bondo kapena m'phewa, ululu wochokera kumsana kutsikira kumwendo, chizungulire, kapena kuthina pachifuwa, zimenezo ndi chenjezo lakuti lekani pomwepo. Ndipo ngati mwadzipanikiza kwambiri, minofu n'kutupa, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire kuti kuche: pitani ku Queen Elizabeth tsiku lomwelo, pakuti minofu yophwanyika ingathe kuwononga impso. Amene angakuuzeni kuti ululu wotere ndi umboni wakuti mwagwira ntchito, ngakhale akhale ndi chifuwa chotani, sadziwa chimene akunena.

Chachinayi, chenjerani ndi aneneri onyenga a m'jimu, amene achuluka m'mwezi uno. Kudzikulunga mapepala apulasitiki pamimba, kuvala majekete awiri dzuwa lili phwee, kumanga lamba wothina, zonsezi zimangotulutsa madzi, amene mudzawabwezera ndi botolo loyamba. Thukuta si mafuta. Tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook kawirikawiri amangotsegula m'mimba ndi m'thumba. Masewera a pamimba, ngakhale muwachite ka 200 pa tsiku, sasankha mafuta a pamimba okha; mimba imaphwa thupi lonse likamatsika, ndipo kutsika theka la kilogalamu pa sabata n'kokwanira. Musadzimane chakudya, koma chepetsani mtanda umodzi wa nsima, chulukitsani ndiwo zamasamba, nyemba, usipa ndi mazira, chepetsani shuga m'tiyi, zakumwa zotsekemera ndi mowa. N'zomvetsa chisoni kuona munthu atakhetsa thukuta ola lathunthu, kenaka n'kuima pachiwaya kudzilipira ndi tchipisi ndi kanyenya, mawa lake n'kumaimba mlandu sikelo.

Chachisanu, konzekerani tsiku limene mudzajombe, pakuti lidzafika ndithu: mvula idzagwa, maliro adzachitika, magetsi adzazima makina othamangirapo n'kuima. Kujomba tsiku limodzi sikuphwanya lumbiro. Chimene chimaliphwanya ndi kunena kuti "ndidzayambiranso pa 1". Pitani tsiku lotsatira, ndipo ngati mwajomba sabata yathunthu, bwererani ku katundu wopepuka. Ndalama ya jimu ikasowa, msewu sulipiritsa: bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera opumitsa wefuwefu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri, ndipo kuyenda mwandawala mphindi 30 kasanu pa sabata, kuchoka ku Chitawira kulowera ku Chichiri ndi kubwerako, kumakwaniritsa gawo loyambalo. Loweruka kukacha bwino mungakwere phiri la Soche, koma muli gulu, osati nokha.

Tsono inu amene mwayamba mwezi uno, musayang'ane galasi kapena sikelo kufikira miyezi iwiri itatha. Werengani masiku amene mwafika, muwalembe pakalendala. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Nyamulani zopepuka, pitani kwanu mphamvu zikadalipo, ndipo mkuja mubwerenso.