Kapitawo wa M'kalasi

Ana inu, mphunzitsi akasankha mmodzi wa inu kuti akhale kapitawo, samupatsa ufumu ayi, koma ntchito. Kapitawo afike m'mamawa belu lisanalire, nayambe ndiye kugwira tsache; pakuti ana samvera munthu wolamula ali khale, koma atsata wogwira nawo ntchito.

Pogawa mabuku, ayambe ndi ang'onoang'ono, iye alandire pomalizira. Awiri akakangana, achite monga ichita mfumu pabwalo, imene imva mbali zonse ziwiri isanagamule mlandu. Mbale wake akachita phokoso, amlembe dzina monga alembera mwana wa mudzi wina. Akambisa kamodzi kokha, anzake adzaona, ndipo sadzamveranso mawu ake.

Buku likasowa, mphunzitsi adzayamba kufunsa kapitawo. Pamenepo asanamizire wina, koma anene zoona. Paja akulu anati, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Inunso otsala, mthandizeni, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mawa ntchitoyo idzagwera inu.

Mafunso
1. Kodi mfumu ichita chiyani isanagamule mlandu?
2. Chifukwa ninji kapitawo alandira buku pomalizira?