X-ray ikati fupa lili bwino, ululu nkumapitirira

Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 50 yemwe ntchafu yakhala ikumuwawa kwa miyezi ingapo. Ululu wake ndi wa mkati mwenimweni, sulabadira kuti wayenda kapena wakhala, ndipo usiku ndiye umanyanya. Kuchipatala amujambula X-ray nkumuuza kuti palibe chooneka. Iye akuti basi ndi nyamakazi, nkuyamba kudzigulira bufeni ndi prednisolone. Achibale amutemanso mphini. Ululu ukuchepadi kwa masabata angapo, kenaka ntchafu ikuyamba kutupa.

Umu ndi momwe khansa ya lymphoma ya m'mafupa imazembera anthu. Imayambira m'mongo, kawirikawiri mu fupa la ntchafu, la m'chiuno kapena la msana. X-ray imaona bwino chigoba cholimba cha fupa, ndipo fupalo liyenera kudyeka kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, chithunzi chisanaonetse kanthu. Pamene chiyamba kuonetsa, fupa limakhala ndi timabowo tambirimbiri ngati chimanga chofumbwa. Chodabwitsa nchakuti khansayi imatha kutuluka kudzera m'timipata ta mitsempha ya magazi, nkupanga chotupa chachikulu m'minofu, chigoba chikuonekabe chabwinobwino. Makina a MRI ndiwo amaonetsa zonse ziwiri, mongo wodwala ndi chotupa chozungulira fupa.

Komabe chithunzi chokha sichingatchule dzina la nthenda. Mafinya a m'fupa, TB ya msana ndi khansa zina zimaoneka mofanana nayo. Kuno kwathu, kumene TB njofala, munthu atha kumwa mankhwala a TB kwa miyezi pamene vuto lili lina. Chomwe chimathetsa mkangano nkutenga kachidutswa ka chotupacho ndi singano kapena pa opaleshoni yaing'ono, nkukakapima ku labotale.

Prednisolone uja ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Iye ndi mnzake dexamethasone amapha ena mwa maselo a lymphoma, ndiye chifukwa chake ululu umachepa, koma nthenda satha nayo. Kachidutswa kotengedwa munthu atamwa kale mankhwalawa katha kusaonetsa kanthu, wodwala nkutaya miyezi ina. Ngati munamwa, muuzeni dokotala mosabisa.

Zimapweteka mtima chifukwa khansa iyi ndi imodzi mwa zomwe zimamva mankhwala. Ambiri amachira ndi mankhwala otchedwa CHOP, ophatikiza ndi rituximab kumene alipo, nthawi zina pamodzi ndi chithandizo cha cheza champhamvu, ndipo mwendo sudulidwa.

Fupa likamawawa usiku kwa masabata ambiri, makamaka ngati mukuonda, mukutuluka thukuta pogona, kapena muli ndi HIV, bwererani kuchipatala ngakhale X-ray inatuluka bwino, ndipo pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Msana ukamawawa miyendo nkumachita dzanzi kapena mkodzo nkumavuta, pitani tsiku lomwelo.