"Njovu Anati": Nyama Zoyankhula M'nthano ndi M'masewero a Patebulo

Chiyambi

Malamulo a Chichewa amatiphunzitsa kuti dzina loti njovu lili m'gulu la I-Zi, n'chifukwa chake timati "njovu yawononga chimanga". Koma wokamba nthano akangoti "padangokhala", omvera n'kuyankha kuti "tilitonse", lamuloli limasintha. Timamva kuti "Njovu anaitanitsa msonkhano", ndipo palibe womudzudzula. M'nkhani ino ndigwiritsa ntchito mfundo ya chiyankhuloyi poyankha funso lomwe limagawanitsa anthu okonda masewero a nthano a patebulo: kodi n'koyenera kuti wosewera atenge mbali ya nyama yoyankhula? Zitsanzo zanga zichokera m'miyambo ya m'boma la Ntcheu ndi madera oyandikana nalo.

Masewerowa ndi otani?

Sewero lodziwika kwambiri la mtunduwu ndi Dungeons & Dragons, lomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi amafotokoza dziko lopeka ndi zochitikamo, pamene ena onse aliyense amakhala ndi mtengambali wake, kumuyankhulira ndi kumusankhira zochita. Akafuna kudziwa ngati chochita chatheka, amaponya dayisi, kawirikawiri ya mbali 20. Kusiyana kwake ndi nthano zathu n'kwakuti womvera samangovomereza kuti "tilitonse", koma amalowa m'nkhanimo ndipo angathe kuikhotetsa.

Poyamba osewera ankasankha kukhala munthu kapena zolengedwa zofanana kwambiri ndi munthu, monga zopezeka m'mabuku a J.R.R. Tolkien. M'kupita kwa nthawi munalowa anthu a maonekedwe a nyama: Tabaxi, ofanana ndi mphaka, Tortle, ofanana ndi kamba, Loxodon, ofanana ndi njovu, mu 2018, ndi Harengon, ofanana ndi kalulu, mu 2021. Otsutsa amati zolengedwazi n'zachibwana ndipo zimachotsa kulemera kwa nkhani. Ovomereza amati m'dziko lopeka mulibe malire.

Umboni wa agwirizanitsi

Mayina monga kalulu, fisi ndi kamba ali kale m'gulu la Mu-A limodzi ndi anthu, choncho satiuza zambiri. Umboni weniweni uli pa nyama za m'magulu ena. Taonani ziganizo izi:

(a) Mkango unabangula usiku wonse.
(b) Mkango anakwiya atamva kuti Kalulu wamunamiza.
(c) Mvuu inamira m'dziwe.
(d) Mvuu anakana kukumba nawo chitsime.

M'ziganizo (a) ndi (c) muli nyama zakutchire. M'ziganizo (b) ndi (d) mgwirizanitsi wa mwininkhani ndi wa gulu la anthu, ngakhale dzina silinasinthe. Wokamba angathenso kuwonjezera ulemu n'kumati "a Njovu". Motero Chichewa chili ndi njira yakeyake yopatsira nyama umunthu popanda kulengeza. Komanso nthano zimenezi sizikamba zachibwana. Zimakamba za chilala, milandu ya kubwalo, ukwati, chinyengo, ndi mmene wofooka amapulumukira pamaso pa wamphamvu. Mfundo yoti nyama yoyankhula imapeputsa nkhani siingaime pamaso pa umboniwu.

Njira zitatu zovalira nyama

Komabe si kuvala nyama kulikonse komwe kuli kofanana. Njira yoyamba ndi ya nthano, momwe nyama imakwezedwa kulowa m'gulu la anthu.

Yachiwiri ndi ya ngoma, gule wa Angoni a kwa Inkosi ya Makosi Gomani, amene amavinidwa kwambiri pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu. Wovina amavala zikopa ndi nthenga, koma amakhalabe munthu. Nkhope yake imaoneka, ndipo timamutchula dzina lake. Chikopa chimangomuwonjezera ulemerero.

Yachitatu ndi ya Gule Wamkulu wa Achewa, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Apa chiyankhulo chimayenda mobwerera. Chotuluka ku dambwe sititi ndi munthu, koma timati "chilombo chatuluka", m'gulu la Chi-Zi. Kasiyamaliro ndi Njovu si atengambali osangalatsa ana. Zimatuluka pa maliro ndi pa miyambo ikuluikulu, ndipo zili ndi eni ake osunga chinsinsi. Wofuna kuphunzira za izi angapite ku Chamare Museum ku Mua, m'boma la Dedza, komwe kuli zigoba mazanamazana.

Wosewera wa patebulo ali pafupi ndi njira yoyamba ndi yachiwiri: amayankhula ngati Kalulu, koma aliyense akumuona kuti ndi mnzawo. Njira yachitatu si yake. Ngati wina wa kuno atafuna kupeka sewero lotere, ndikuona kuti Kalulu ndi Kamba angawatenge momasuka chifukwa nthano ndi za tonse, koma zilombo za ku dambwe sangazisandutse zidole zoponyera dayisi popanda chilolezo cha eni mwambo.

Pamene pagona vuto

Vuto lenileni ndikulipeza pa khalidwe. M'nthano, Kalulu ndi wochenjera nthawi zonse ndipo Fisi ndi wadyera nthawi zonse. Izi zimathandiza wokamba chifukwa omvera amadziwiratu mtengambali ndipo phunziro limafika msanga. Koma sewero limadalira kusankha. Ngati malamulo anena kuti Fisi aliyense ayenera kukhala wadyera, wosewera watsala ndi chiyani choti asankhe? M'Dungeons & Dragons muli zolengedwa za mutu wa fisi zotchedwa gnoll, zomwe buku la mu 2016 linazilongosola ngati zoipa mwachibadwa. Fisi wathu wa m'nthano ndi wabwinoko, popeza ali ndi banja, amakafunsira mbeta, ndipo nthawi zina timamumvera chisoni.

Kuopsa kwa maganizo oti mtundu wonse uli ndi khalidwe limodzi kunaoneka mu 2022. Kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa mabuku a Spelljammer momwe munali Hadozee, anthu a maonekedwe a anyani, omwe mbiri yawo inali ya kugwidwa kuti akagulitsidwe. Owerenga ambiri anaona kuti izi zikufanana ndi mmene atsankho ankajambulira anthu akuda. Kampaniyo inapepesa n'kuchotsa ndimezo, ndipo m'buku la malamulo la mu 2024 inasiya mawu oti "race" n'kuyamba kugwiritsa ntchito "species". Ife Amalawi sitingaone nkhaniyi ngati yakutali. Nafenso tili ndi nthabwala zonena kuti anthu a mtundu wakuti ndi aulesi kapena akuba. Nyama ikakhala chigoba chobisira mtundu wa anthu enieni, sewero lasanduka chipongwe.

Mathero

Yankho langa n'lakuti nyama zoyankhula zili ndi malo m'masewerowa, monga momwe Chichewa chinazipatsira malo m'gulu la anthu kalekale. Koma pali malire awiri. Loyamba, zopatulika za eni mwambo zisalowe m'sewero mwachisawawa. Lachiwiri, nyama ipereke thupi lokha: Kamba akhale ndi chigoba cholimba, Kalulu akhale waliwiro, Njovu akhale wamphamvu, koma mtima usankhidwe ndi wosewera. Pakhale mwayi wa Fisi wowolowa manja ndi Kalulu wopusa. Tikati "Njovu anati", tavomereza kuti Njovu ndi munthu, ndipo munthu amaweruzidwa ndi ntchito zake osati ndi mtundu umene anabadwiramo.