Thanki ya chimbudzi yadzaza? Funsani ndodo, osati mphuno

Mkangano uwu sulephera pa mapoloti a lendi ku Nancholi mu Blantyre. Alendi amadandaula kuti, "Alandilodi, kuseliku kukununkha, thanki yadzaza." Alandilodi akavundukula amapezadi madzi ali tho, ndiye amaitana galimoto yopopa, ndalama n'kupita. Pakatha masabata awiri, fungo lija labwerera. Pomwepo kwa aneba zinthu zili zii, palibe fungo, palibe wodandaula, mpaka mvula ya mu Januwale idzatulutse zonyansa pabwalo pomwe ana amasewera.

Onse awiriwa apusitsidwa ndi zizindikiro. Thanki ya chimbudzi ilibe geji ngati ya mafuta m'galimoto, choncho timadalira mphuno, maso ndi kayendedwe ka madzi m'toileti. Koma zonsezi zimanama. Chomwe chimanena zoona ndi ndodo yayitali ndi kansalu koyera.

M'kati mwa thanki mumachitika zotani

Nyumba zambiri za kwathu kuno sizinalumikizidwe ku mapaipi a zonyansa a mumzinda. Amene ali ndi toileti yogejemula amadalira sepitiki thanki, ena onse ndi chimbudzi chokumba.

Zomwe mwagejemula zikafika m'thanki zimagawikana patatu. Zolemera zimamira n'kusanduka matope akuda. Mafuta, sopo ndi mapepala zimayandama n'kupanga chithovu cholimba pamwamba. Pakati pamatsala madzi, omwe amatuluka pang'onopang'ono kupita ku dzenje la miyala lija timati sokawe, n'kumalowa m'nthaka. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya gawo la matope aja, koma sititha onse. Otsalawo amakwera chaka ndi chaka, ndipo amenewo ndi omwe timapopa, osati madzi.

Akatswiri a zaukhondo amawerengera kuti munthu mmodzi amasiya matope okwana malita 40 mpaka 60 pachaka, ndiye kuti ndowa ziwiri kapena zitatu za malita 20. Poloti ya anthu 20 imaunjika madiramu anayi mpaka asanu ndi limodzi a malita 200 chaka chilichonse.

Zizindikiro zomwe zimapusitsa

Madzi ofika pamwamba. Thanki yabwinobwino imakhala yodzaza madzi nthawi zonse, kulekeza pa paipi yotulukira. Ngakhale mutapopa lero, madzi abwereranso pomwepo posachedwa. Dandaulani pokhapokha ngati madzi amiza paipiyo. Zikatero vuto lili ku paipi yotulukira kapena ku sokawe. Mukapezanso madzi ali pansi kwambiri pa paipi chonsecho simunapope, dziwani kuti thanki yang'aluka, ikudontha.

Fungo. Nthawi zambiri limachokera kwina. Paipi yotulutsa mpweya ikatsekeka ndi chisa cha mbalame kapena ulusi wa akangaude, mpweya umabwerera m'nyumba. Komanso timadzi timene timatsala m'khosi mwa toileti ndi pansi pa sinki ndi timene timatchinga fungo. Mipopi ikauma nthawi yaitali, kapena bafa likakhala osagwiritsidwa ntchito, timadzito timauma ndipo fungo limadutsa. Thirani kaye jagi ya madzi, muone.

Toileti yochedwa kumeza. Ngati ndi toileti imodzi yokha, kwinaku sinki ndi bafa zikuyenda bwino, chatseka ndi chinthu m'paipi. Itanani pulambala, osati galimoto.

Kusanunkha. Ili ndiye bodza loopsa kuposa onse. Thanki ikhoza kudzaza matope popanda fungo lililonse, matopewo n'kumasefukira ku sokawe mpaka kumata mipata ya miyala ndi nthaka. Sokawe akafa, kupopa thanki sikumuukitsa, mumayenera kukumba wina. Paja akulu anati tsoka silinunkha.

Kayezedwe kake

Pezani nsungwi yowongoka yotalika mamita atatu, thaulo loyera lakutha, chingwe, magolovesi ndi tepi yoyezera. Mukhale awiri, ana akhale kutali.

1. Kulungani thaulo kumunsi kwa nsungwi, kutalika kwake mita imodzi, mumange zolimba.

2. Vundukulani chipinda choyamba cha thanki, muchokepo kwa mphindi zingapo kuti mpweya uuluke. Fodya, machesi ndi kandulo zisayandikire, chifukwa mpweya wa m'thanki umayaka. Younikira ikhale tochi.

3. Boolani chithovu cha pamwamba ndi mtengo wina kuti thaulo lisade lisanafike pansi. Sankhani mbali yotalikirana ndi paipi yolowera.

4. Tsitsani nsungwi pang'onopang'ono mpaka igunde simenti ya pansi. Idikireni mphindi zitatu kapena zisanu.

5. Izuleni mowongoka. Muona malire awiri: pomwe palekeza kuda kwa matope pa thaulo, ndi pomwe palekeza kunyowa pa nsungwi.

6. Yerekezani. Matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, nthawi yopopa yakwana. Mwachitsanzo, ngati panyowa masentimita 150 ndipo pada masentimita 50, yambani kufunsa mitengo. Akayandikira theka, mwachedwa kale.

Lembani tsiku ndi muyezowo m'kope kapena pakhoma la chimbudzi. Mukayeza zaka ziwiri zotsatizana mudziwa liwiro la thanki yanu, ndipo alendi mutha kuwauziratu chaka chosonkha. Mukamaliza, kwirirani thaulo lija, nsungwi muitsuke ndi madzi a kolorini, musambe m'manja ndi sopo.

Lamulo limodzi losakambirana: musalowetse mutu m'thanki, ndipo munthu asalowemo, kaya mwagwera foni. Muli mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, umene ukachuluka umapha mphuno kaye. Munthu amaona ngati fungo latha, kenaka amakomoka. Wolowa kukapulumutsa mnzake amatsalanso momwemo.

Nanga chimbudzi chokumba

Nachonso chili ndi mabodza ake. Mukaunika ndi tochi mumaona nsonga ya chulu chomwe chimamera pansi penipeni pa bowo, pamene m'mbali muli malo. M'dzinja madzi a pansi amakwera, dzenje n'kuoneka lodzaza, chilimwe chikafika amaphwa. Choncho yezani m'chilimwe, kuchokera pa silabu kufika pomwe payambira zonyansa. Pakatsala theka la mita, siyani kugwiritsa ntchito.

Dzenje lomangira njerwa m'kati limapopeka. Losamangira likhoza kugumuka likapopedwa, makamaka nthaka ikanyowa. Lotere likwirireni ndi dothi, mubzalepo nthochi kapena mtengo, mukumbe lina pamtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime.

Kumtunda komwe galimoto yaikulu singafike chifukwa cha tinjira topanikizika, kuli anyamata opopa ndi pampu ya manja yotchedwa Gulper, imene bungwe la Water For People linathandiza kufalitsa mu Blantyre. Amathira m'madiramu n'kunyamula. Pampuyi sifika pansi pa dzenje lakuya kwambiri, choncho gwirizanani mtengo powerenga madiramu.

Tsiku lopopa

Popani mu Sepitembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, misewu ikadali youma. M'dzinja mumalipirira madzi a mvula.

Yezani opopa asanayambe, iwo akuona, ndipo mudzayezenso akamaliza. Paipi ikangoyamwa pakati, imachotsa madzi okhaokha, matope n'kutsala momwemo. Auzeni aswe chithovu, avundule pansi, abwezeremo madzi pang'ono kuti matope olimba asungunuke, kenaka ayamwenso. Zipinda zonse za thanki zipopedwe. Timatope tochepa totsalira pansi sitilakwika, ndi mbewu ya tizilombo tija. Musatsukemo ndi Jik kapena kolorini. Thanki ikadali yopanda kanthu, unikani muli kunja, muone ngati makoma ang'aluka komanso ngati mapaipi opindika a polowera ndi potulukira alipo.

Ndipo funsani funso ili mosachita manyazi: "Achimwene, zimenezi mukakhuthula kuti?" Mumzinda wa Blantyre muli malo oyeretsera zonyansa, monga a ku Zingwangwa ndi a ku Manase, kufupi ndi Nancholi. Wotchipa amene amagwira ntchito usiku n'kukataya mu ngalande kapena mumtsinje wa Mudi akubwezerani matenda pakhomo. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kuboola chimbudzi mvula ikamagwa kuti madzi akokolole ndi kuthira kolera m'ndowa ya mnansi wakumunsi.

Kuti thanki ichedwe kudzaza

Matewera otaya aja, mapadi, makondomu, majumbo, nsanza, mabotolo ndi zitsononkho siziwola msanga, zina siziwola n'komwe. Zimadzazitsa dzenje, zimatseka pampu, ndipo opopa amakweza mtengo chifukwa amayamba awedza zinyalalazo ndi ngowe. Ikani chitini chovundikira pafupi ndi chimbudzi. Mafuta otsala mu poto, oilo wa galimoto, penti ndi mankhwala ophera tizilombo zisalowe m'thanki. Madzi a padenga apatseni njira yawo. Toileti yodontha usiku wonse ikonzeni, chifukwa imamiza sokawe. Pamwamba pa sokawe pasayime galimoto, pasabzalidwe mtengo.

Za mankhwala ogulitsidwa kuti "amasungunula chimbudzi", sungani ndalama zanu. Ofufuza a ku University of KwaZulu-Natal ku Durban anayesa mitundu ingapo ndipo sanapeze kuti imachepetsa matope. Chimene chimagwetsa chulu chija ndi madzi omwe mumasungunulira mankhwalawo, ndiye munthu amaona ngati chatsika.

Nsungwi ija musaisandutse nkhuni kapena mtengo wochirikiza chingwe choyanikira zovala. Ikolekeni pansi pa denga la chimbudzi, pomwe ana sangafike. Chaka chamawa, masukulu akamatsegulira mu Sepitembala, mudzaitsitsenso.